Thobwa la Abusa ndi Chitseko Cholira

Pali mwambi wina, ana inu, umene unayamba motere. Pa mpingo wina panali amayi awiri a mvano, Nachisale ndi Nankhoma. Nankhoma ankadziwa kuphika thobwa, ndipo abusa akabwera ankalitama ali paguwa pomwe. Nachisale akamva zimenezo, mtima unkamuwawa sabata yonse.

Nachisaleyu m'kalasi ya ubatizo anatolako mawu amodzi okha, akuti Mulungu amadziwa zonse zisanachitike. Ndiye akapsereza ndiwo, "zinalembedwa." Akagwidwa ndi miseche, "zinalembedwa."

Lamulungu lina, Nankhoma anasiya kandowa ka thobwa la abusa kuseri kwa tchalitchi. Nachisale anakapeza. Kutaya chakudya anaopa kuti ndi tchimo, choncho anaganiza zolimwa, abusa asowe choyamikira. Anamwa chikho, n'kubwereza, n'kubwerezanso, mpaka chikho chinayamba kukanda pansi.

Nankhoma anamupeza akupukuta pakamwa.

"Amayi, thobwa la abusa lija lili kuti?"

"Musandiyang'ane choncho, anzanga. Mwini wake kumwambako anadziwa dziko lisanalengedwe kuti adzamwe ndine. Ndikanakana bwanji?"

"Kudziwa anadziwa. Koma chikhocho anakugwirirani?"

"Zinalembedwa basi."

Mapemphero anayamba. Chifukwa cha mbuzi zimene zinkakonda kulowa, chitseko anachitseka ndi mpiringidzo, ndipo chinali chitseko cholira ngati nkhumba. Ulaliki uli pakati, m'mimba mwa Nachisale munayamba kubangula. Anakhalira mbali imodzi, anakhaliranso inayo, thukuta lili kamukamu. Amene anakhala pafupi ndi chitseko anali Nankhoma yemweyo.

"Anankhoma," ananong'ona Nachisale, "tatsekulani ngati mukufuna kamphepo, ine ndizembe anthu asanaone."

"Ngati zinalembedwa kuti chitsekuke, chitsekuka."

"Nanga kuthandiza mnzanu ndi tchimo?"

"Ine m'mimba mwanga muli bata, amayi. Sindinalaweko n'komwe."

Nachisale anadikira kuti mwina mphepo imuchitira chifundo. Chitseko chili phee. Pomaliza anadzuka yekha, nasolola mpiringidzo ndi dzanja lomwe lija linagwira chikho. Chitseko chinalira, mpingo wonse unatembenuka, ndipo abusa anaima pakati pa vesi n'kufunsa kumene mayiwo ankathamangira.

"Akukabweza thobwa lanu, abusa," anatero Nankhoma.

Mkulu wa mpingo anapita kukabwezera mpiringidzo, napukusa mutu, nati, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."