Dizilo Yomwe Ndinagula Nditagwada

Anthu akandifunsa chifukwa chake ndikukankhabe makina otchetchera kapinga, chonsecho ndinalengeza ponseponse kuti ndakwezedwa, ndimangoti ndimakonda mphepo ya panja. Lero ndiulule zoona zake, poti ku Kya Sand kuno ku Joni palibenso amene sakudziwa.

Ndimagwira ntchito pa kampani yosamalira kapinga ndi maluwa. Tsiku lina madamu, eni ake a kampaniyo, anandiitana n'kunena kuti akufuna kapitawo wa gulu latsopano ku Midrand. Chofunika chinali chimodzi: galimoto yangayanga yodalirika, kuti pomakwana 7 koloko ndizikhala nditatsegula kale nyumba ya zipangizo.

"Za matakisi sindikufuna kumva," anatero. "Ukachedwa tsiku loyamba, makiyi ndipatsa wina."

Ndinawauza kuti asadandaule, akuyankhula ndi munthu wodziwa magalimoto.

Ndipo ndimawadziwadi, mpaka lero sindinasinthe maganizo. Ndinakhalapo kondakitala wa minibasi ya Limbe ndi Zomba zaka zitatu (inde, ndinkakhala pachitseko osati pachiwongolero, koma makutu anali pa injini). Ndinkadziwa kuti ulendo wa tsiku ndi tsiku pa haiwe ya N1 umafuna galimoto ya dizilo, chifukwa simwa mafuta ngati ya petulo ndipo mtunda wautali imaukonda. Ndinachita kulemba malamulo anga papepala. Uyilize wekha injini ili yozizira, uone utsi wake. Utsegule boneti. Ufunse buku la sevisi. Koposa zonse, ukayithamangitse pa haiwe usanapereke kanthu. Pepalali ndinawerengera anzanga atatu ngati mlaliki.

Pa foni ndinapeza ina yotchipa ku Randburg. Loweruka ndinanyamuka nditakonzeka kulimbana ndi tsotsi aliyense wa mu Joni. Pageti panatuluka bambo a imvi atavala jekete, ine n'kuponya moni wanga wa Chizulu: "Sawubona, baba."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Iwe, Chizulu chakochi n'cha ku Ntcheu. Ndiwe mwana wa yani?"

Anali Bambo Kalinde, eni galimotoyo, ogwira ntchito ya m'munda panyumbapo kuyambira ine ndili kumbuyo kwa mayi, komanso mkulu wa mpingo. Nditatchula dzina la bambo anga anagwira pakamwa. Anaphunzira nawo limodzi kupulayimale! Pamaliro a agogo anga anasenza nawo bokosi! Pofika apa n'kuti nditagwada kale bondo limodzi, chipewa chili m'manja, pepala lija lili phee m'thumba.

Galimotoyo inali ikulira kale. "Ndakutenthetseratu, mwanawe, kuti usavutike," anatero. Lamulo langa loyamba linafera pomwepo, ine n'kuthokoza. Ndinasendera ku boneti dzanja lili patsogolo.

"Ukufuna kuona chiyani?" anafunsa mofatsa.

Tandiuzani inuyo owerenga. Munthu amene anasenza agogo anu mungamuuze kuti mukufuna muone ngati sakukunamizani? Ndinangopukuta fumbi pa bonetipo ndi dzanja lomwelo, n'kuyamikira penti.

Za buku la sevisi ndinafunsa ndithu, koma chapansipansi. "Buku la chiyani? Imeneyi sinadwalepo." Poyiyesa anayendetsa ndi iwowo, ine ndili pambali manja ali pamaondo. Tinazungulira mdadada umodzi osafika ndi giya yachitatu yomwe, akundiuza amene anamwalira kumudzi ndi amene anakwatira mitala.

"Imeneyi ndi ya kutchalitchi basi," anatero tikubwerera. "Lamulungu kupita, kubwera."

Ine ndinamva ngati akuyitamanda. Sindinaganize kuti galimoto imene yakhala zaka ikungoyenda kamtunda ka kutchalitchi, palibe amene akudziwa zimene ingachite pa haiwe, ngakhale mwini wake. (Tinene chilungamo, mkuluyu sananame ngakhale kamodzi. Ine ndi amene sindinafunse.) Za mtengo sitinakangane. Anayipempherera, n'kundipatsa makiyi ndi manja awiri.

Lolemba ndinanyamuka 6 koloko, shati yosita bwino, makiyi a nyumba ya zipangizo ali m'thumba. Ndinatsika ndi msewu wa Malibongwe n'kulowa N1, chigongono pawindo. Eish, kukoma kwake! Takisi (minibasi ya kuno) imene inkandinyamula masiku onse ndinayipitirira, n'kuyiimbira ndi hutala yomwe.

Ndikuyandikira Buccleuch kamuvi koonetsa kutentha kanayamba kukwera. Ndinachita zimene madalaivala athu ankachita, kukagogoda ndi chala. Kanakwerabe. Posakhalitsa kutsogolo kunatuluka nthunzi ngati munthu wavundukula poto, injini inatsokomola kawiri, ine n'kuyikhotetsera kumbali, komwe inakafera.

Ndinatsegula buti kufuna kachizindikiro kofiira ka makona atatu kaja. Munali mabuku awiri a nyimbo ndi ambulera. Ndiye ndinachita zakwathu. Ndinalumpha chitsulo cha m'mbali mwa msewu, n'kuthyola nthambi, n'kuzindandalika mumzere kumbuyo kwa galimoto (poti ndine wa m'munda, ndinasankha zobiriwira bwino). Mahutala ake! Dalaivala wina wa takisi anatulutsa mutu n'kukuwa m'Chizulu kuti ndikuchita chiyani, "Wenzani wena?" Ine ndinangomukwezera dzanja, poti ndinkadziwa chimene ndikuchita.

Kenaka bakki ina, galimoto yapululu kumbuyo, inachepetsa liwiro n'kuima patsogolo panga. Munatuluka bambo wina wa kandevu, akuyenda pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo. Paja kwathu nthambi pamsewu zimanena zinthu ziwiri, galimoto yowonongeka kapena maliro.

"Pepani achimwene," anatero. "Nditangoona masambawa ndadziwa kuti apa pali Mmalawi. Watisiya ndani?"

Ndinaloza galimoto.

Anati dzina lawo ndi a Yusufu, a ku Mangochi, amagulitsa zitsulo zakale. Anadikira kuti nthunzi ichepe n'kutsegula boneti, ndipo aka kanali koyamba kuti ine ndione injini ya galimoto yanga. Paipi ya madzi inali yokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, mfundo yake yomangidwa mwaluso ndithu. Mphirawo unali utasungunuka.

"Munagula kwa wakwathu eti?"

Ndinagwedeza mutu.

"Wamkulu?"

Ndinagwedezanso.

"Basi, musafotokozenso. Inenso yanga yoyamba ndinagula kwa amalume. Chotsani msanga nkhalango yanuyi apolisi asanafike."

Anandikoka ndi chingwe mpaka ku Midrand. Tinalowa pageti cha m'ma 9, anyamata onse a gulu langa latsopano atakhala pansi kudikira zipangizo, madamu ataima manja m'chiuno. Anayang'ana bakki, anayang'ana chingwe, kenaka ine.

"Yodalirika ija ndi iti? Yakutsogolo kapena yakumbuyo?"

Anatambasula dzanja, ine n'kuikamo makiyi. Anawapatsa mnzanga wina pomwepo, ine ndikuona. Zinandiwawa, sindikubisa. Ukapitawo umenewo ndinaudikira zaka zambiri, ndipo akazi anga kumudzi anali atauza kale mpingo wonse.

Sabata yonse ndinkakonza mawu oti ndikawauze Bambo Kalinde, mawu olemera, ena a Chizulu. Lamulungu masana ndinawaimbira.

"Mwana wa mnzanga!" anafuula. "Ikuyenda bwanji?"

Ndinangopezeka ndaimirira, chipewa ndavula, m'chipinda changa chomwe, ndili ndekha.

"Ikuyenda bwino, bambo. Zikomo kwambiri."

"Uziyisamala. Usamayithamangitse."

"Sindiyithamangitsa, bambo."

Ndiye langizo langa kwa inu amene mukufuna dizilo ya pa haiwe ndi ili: malamulo anga aja ndi olondola onse, koma mukagule kwa munthu amene sadziwa bambo anu. Asanadule foni, Bambo Kalinde anandiuza kuti alamu awo ku Cosmo City akugulitsa ina, ya dizilonso, yosadwalapo. Ndawauza kuti ndikayiona Loweruka.