Magemu Awiri a Alamu ndi Mawu a Mkamwini

Lolemba

Alamu anga a Yohane afika kuchokera ku Joni. Ndi achimwene ake a mkazi wanga, eni mbumba, ndiye pakhomo pano chimene anena ndi chomwecho. Ine ndine mkamwini. Chibwerereni kuno ku Domasi ntchito yanga ndi kulima, kufolera ndi kuvomera.

Koma lero kwachitika zachilendo. Atsegula chikwama, atulutsa zinthu ziwiri zosewerera magemu, zogwira m'manja. Akuti chimodzi ndi cha mwana wanga Tadala, chinacho akagulitsa ku Zomba. Kenako ayang'ana ine. "Bambo a Tadala, musankhe ndinu. Ndibwera Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, mudzandiuze."

Ine. Pagulu. Apongozi nawonso amva, anali kuseri kwa nkhokwe.

Chachikulu ndi chakuda, cholemera ngati njerwa yootcha. Akuti ndi kompyuta yeniyeni, anangoipanikiza kuti ikwane m'manja. Chaching'ono ndi chopepuka, chamitundu, magemu ake ali m'timakhadi tolowetsa pamwamba.

Sindinapite patali ndi sukulu, koma kugula njinga ndimadziwa. Umaikwera kaye. Zofuna kudziwa:
- chimadya moto wochuluka bwanji, poti sola pano ndi imodzi, ya apongozi
- chikagwa chimatani
- chingamukhazike pansi Tadala, asamathamangire ku ngalande ine ndikuthamangitsa mbalame mumpunga

Aka nkoyamba kundifunsa maganizo pamudzi pano. Ndisalakwitse.

Lachiwiri

Ndayamba ndi chachikulu. Ndachiyatsa. Chikulankhula Chingerezi chokhachokha ndipo sichikufuna kusewera, chikufuna intaneti kaye kuti chidzikonze. Chinthu chatsopano chikudzikonza chiyani?

Netiweki pano imagwira pachulu pokha. Ndakwera pachulu, dzanja lina foni, dzanja lina njerwa ija, nyerere m'miyendo. Bandulo yathera panjira.

Ndapalasa mpaka ku Songani. Wokonza mafoni wachitenga ndi manja awiri ngati khanda. "Achimwene, ichi ndi chilombo. Magemu alionse chimanyamula. Koma chimafuna mwini wake wochidziwa." Wachikonza, wandisonyeza mpikisano wa magalimoto.

Zoona, zithunzi zake nzoopsa. Madontho a mvula pagalasi la galimoto akuoneka limodzilimodzi. Ndinatsala pang'ono kupukuta ndi malaya.

Kunyumba ndamupatsa Tadala. Sakutha kuchinyamula, wachitsamiritsa pamaondo. Mkati muli fani, ikutulutsa mphepo yotentha ngati mbaula. Wamvetsera pang'ono, wachikankha. "Muli njoka."

Ndamugwira maondo kuona ngati wapsa. Sanapse. Ndamugwiranso.

Batire yatha mkazi wanga asanamalize kusenda chinangwa.

Lachitatu

Chachikulu chamwa moto wonse wa sola. Wailesi ya apongozi zii. Sanamve mauthenga a maliro.

Ine ndi apongozi sitiyang'anizana, ndi mwambo. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire, mawu onse amadzera mwa mkazi wanga. Lero mawu abwera m'mamawa. "Amayi akuti kodi mkamwini anabwera kudzalima kapena kudzazimitsa wailesi."

Ndayankha kuti tikuyesa. Sindikudziwa ngati mawuwo afika momwemo.

Tsopano chaching'ono. Kudina batani, chayaka. Kulowetsa khadi, chayamba. Palibe chulu, palibe Songani. Zithunzi zake nzachibwana, anthu a mitu ikuluikulu, koma Tadala wakhala pamphasa osagwedezeka, ndipo batire ikungopitirira.

Zovuta ziwiri.

Choyamba, mbali zake zokhala ndi mabatani zazuka m'manja mwanga. Zonse ziwiri! Thukuta. Ndidzati chiyani kwa alamu? Ndayamba kumanga ndi mphira wa tchubu. Mkazi wanga wabwera, wamasula mphira, walowetsa mbali zija m'malo mwake, zalira tha. "Zimachoka dala," watero, nkumapita.

Chachiwiri, timakhadi. Tating'ono ngati nthanga za maungu, ndipo Tadala chilichonse chimathera m'kamwa. Ndati ndilawe ndekha ndidziwe. Kuwawa kwake kuposa kwinini. Nzeru zabwino, mwana sangameze.

Koma Tadala anandiona ndikunyambita. Wanyambita naye. Walira mpaka agalu a kwa aneba ayankha. Mawu achiwiri abwera kuchokera kwa apongozi, mkazi wanga wakana kundiuza.

Lachinayi

Kumunda ndi zonse ziwiri, ndi Tadala pahandulo ya njinga. Mpunga wayamba kucha, mpheta zikudziwa.

Padzuwa zonse ziwiri sizikuoneka kanthu, ndikungodziona nkhope. Ndafunda chitenje kumutu. Tadala ndamukhazika pamthunzi ndi chaching'ono, ine ndi chachikulu, kungoyesa basi, osati kusewera.

Zimene ndapeza:
- chachikulu mabatani ndi ambiri, ena ali kumbuyo komwe munthu saona
- fumbi likulowa m'timabowo ta fani
- galimoto yofiira imakhota bwino kuposa yoyera
- ndamaliza wachitatu, kenako wachiwiri

Nditavundukula chitenje, mpheta zili bii pamzere wonse wa m'mphepete. Pamthunzi pali chaching'ono chokha, chikudziimbira. Tadala palibe.

Sindikukumbukira kuti ndathamanga bwanji. Ndamupeza pangalande, madzi m'maondo, akuyandamitsa chivundikiro cha katoni imene munabwera chachikulu. "Boti," akutero. Ndamunyamula, ndamuwerenga zala, ndamuyang'ana m'makutu. Ali bwinobwino.

Ndiye kuti chaching'ono chimakhazika mwana pang'ono, chachikulu chimakhazika bambo ake kwambiri.

Mkazi wanga wangoyang'ana matope pa diresi ya Tadala. Bola akanafunsa.

Lachisanu

Chaching'ono chasowa.

Ndasanthula nyumba yonse, denga lomwe. Kenako ndamva kanyimbo kake kakuchokera pakhonde la apongozi. Mkazi wanga anakachisiya kumeneko kuti ndisapite nachonso kumunda, apongozi nkudina batani. Mkati munali khadi ya gemu yolima. Umapatsidwa munda, khasu ndi ng'ombe.

Sindingapite kukaitanitsa. Sindingaime ngakhale pafupi. Ndatuma mkazi wanga. Wabwera ndi yankho: "Akuti mudikire, angothirira kumene kabichi."

Ndadikira. Ndamutumanso. Ulendo uno sanabwerenso, ndikumumva akuseka kumeneko. "Amayi, mbewu imeneyo si ya nyengo ino!"

Ndaganiza nzeru ya kusinthana. Ndatumiza chachikulu ndi mawu aulemu akuti ichi ndiye chapamwamba, choyenera akuluakulu, chaching'onocho chibwere ndimalize kuyesa. Yankho: athokoza kwambiri. Gemu yake sakuifuna, koma mphepo yotentha ija ikuwathandiza nyamakazi. Achiika pamaondo, chaching'ono chili m'manja.

Tsopano zonse ziwiri zili kumeneko. Ine ndatsala ndi matchaja.

Loweruka

Ndikuyesa ndi makutu. Ndaima kuseri kwa mpanda ngati ndikukonza bango. Fani yalira pang'ono, yazima. Kanyimbo ka chaching'ono kakupitirirabe. Umenewonso ndi umboni.

Ndatuma Tadala kuti akatenge gemu yake. Wabwera ndi chigumu.

Kumunda ndakonza mawu a mawa. Ndawanena mokweza, mpheta zamva. Ndidzati: Alamu, chachikulu nchamphamvu, zithunzi zake palibe chofanana nacho, magemu ndi osatha. Koma nchamunthu wa magetsi a m'waya, wa intaneti, wa Chingerezi, wopanda mpunga. Chaching'ono nchopepuka, sichifunsa mafunso, chimadya moto pang'ono, ndipo timakhadi take mwana sangameze, ndalawa ndekha. Tadala atenge chaching'ono. Ndikatero ndidzawomba m'manja mwaulemu.

Ndachapa malaya oyera aja a ukwati.

Masana mawu abwera. "Akuti chaching'ono chatha moto, mukatchaje." Apongozi achisiya pampando nkulowa m'nyumba, ine ndafika maso ali pansi, ndatola. Mwayi wanga womaliza. Nditachilumikiza ndasuzumira.

Munda wawo uli bwino kuposa wanga. Mizere yowongoka, mpanda, palibe mbalame ndi imodzi yomwe. Ng'ombe ili m'khola ndipo pamwamba pake palembedwa dzina. Langa.

Ndafunsa mkazi wanga. Akuti analemba ndi iye, koma anasankha ndi amayi. "Akuti siyovuta, imadya chilichonse."

Sindikudziwa ngati nkuyamikira.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve, ndimabwereza mawu anga chamumtima.

Alamu afika. Mipando pansi pa mtengo wa mango, mkazi wanga pamphasa, azakhali awiri amene sanaitanidwe. Apongozi m'nyumba, chitseko chili chotsegula pang'ono. Ndaimirira, ndakonza kolala, ndatsokomola. Ndafika pa "Alamu, chachikulu".

Mawu atuluka pachitseko. "Yohane, chaching'onochi chikhale kuno. Mwana azidzasewera kwa agogo ake."

"Mwamva amayi," atero alamu, akulowetsa kale chachikulu m'chikwama. Kenako akumbukira. "Inu bambo a Tadala mumati chiti?"

"Chaching'ono."

"Mwaona, tagwirizana." Azakhali aombera m'manja apongozi.

Ndakhala pansi. Za intaneti, za fumbi, za khadi yowawa, zonse zatsalira m'mimba.

Tadala sakudziwa nkomwe kuti wapatsidwa chinthu. Katoni ija alamu amusiyira, wakhalamo, akupalasa ndi mthiko. Ndaibowola, ndamangirira chingwe, ndizipita nayo kumunda nkuimanga kumtengo kutali ndi ngalande. Pa zonse zimene ndayesa sabata ino, imene yamukhazika pansi ndi katoniyi. Sifuna moto.

Ntchito yatsopano ndapatsidwa, mawu ake abwera madzulo ano. Ndizisuntha sola kutsatira dzuwa, kuti wailesi ndi munda wa apongozi zisamalimbirane. Ndavomera.

Malaya ndapinda. Mawa mpheta.

Ng'ombe ija akuti ikunenepa.