Ndinalira maliro a phazi lamoyo

Nkhani iyi kukomboni kwathu ku Mtendere inafalikira kale, ndipo aliyense amaikamba mothira mchere wake. Ndiye kuli bwino muimve kwa ine mwini wake, ngakhale kuti m'nkhaniyi mulibe pamene ndikuoneka wanzeru.

Ndine telala. Ndimasoka mayunifomu a ana a sukulu ndi madiresi a chitenje pakhonde pa nyumba yathu, pa makina akale opalasa ndi phazi (a magetsi ndinawaika pansi pa bedi, poti magetsi ake amabwera akafuna). Chaka chatha phazi lamanja linayamba kupweteka kumbuyo, pamwamba pa chidendene, pomwe pamadutsa mtsempha waukulu uja. M'mawa ndinkatsika pabedi ngati ndaponda khala la moto. Adokotala atandipima anati kuli chipatala china kumene akuyesa makina aang'ono ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, ndipo akufuna anthu a vuto ngati langa. Ndinapita ndekha. Amuna anga, bambo Zulu, ndi akalipentala ku Kalingalinga, ndipo sindinafune kuwajombetsa.

Anandilandira ndi mtsikana wojambula, dzina lake Mutinta.

"Ba mayo, muli na vinthu va chitsulo pathupi?"

"Nilibe," ndinayankha motsimikiza.

Anayang'ana kolala yanga. Panali mapini atatu. M'duku munatuluka singano ziwiri. Ndinalumbira kuti basi zatha, koma titangoyandikira makina aja, pini wina m'mphepete mwa chitenje changa anadzuka n'kuloza kutsogolo ngati galu amene wanunkhiza nyama. Mutinta anaseka mpaka kugwira khoma, kenaka anandipatsa mkanjo wa chipatala kuti ndivale.

Makinawo sanali aakulu aja amene amameza munthu yense. Anali ngati mgolo wogonekedwa, wolowetsamo phazi lokha. Mutinta anandiuza kuti maginito ake ndi ofooka poyerekeza ndi a makina aakulu, choncho kujambula kumatenga nthawi ndipo ndisasunthe. Ndinagona chagada, makina akugogoda. Kuseri kwa katani iye ndi mnzake wamwamuna anali kuyang'ana pa kompyuta, ndipo makutu anga (amene sanalepherepo kumva za eni ake) anayamba ntchito.

"Onani apa," anatero mwamunayo. "Siginolo yafa kale. Pakuda chabe, palibe chikuoneka."

"Imafa mwamsanga maningi," anayankha Mutinta. "Tifunika kudula..."

Mawu otsatirawo makina anawameza ndi kugogoda kwake.

Ine sukulu ndinalekera panjira. Ndinaganiza kuti siginolo ndi dzina la Chingelezi la mtsempha wanga. Yafa, yada, adule. Makina atangoti zii, ndinasolola phazi n'kunena kuti ndikufuna kuchimbudzi. Ndinavala zovala zanga msangamsanga, bulauzi cham'mbuyo, n'kutulukira khomo lina. Kwa munthu wa phazi lakufa, ndinathamanga bwino ndithu.

M'minibasi ndinalira njira yonse, nditanyamula phazi m'mwamba kuti wina asaliponde. Ndisanafike kunyumba ndinaimbira amayi otsogolera gulu lathu la amayi kutchalitchi. Pofika masana, pabalaza pathu panali podzaza. Anapemphera, anaimba, wina anasanjika manja pa chidendene (anayamba ndi lamanzere, ndinachita kumuwongolera), ndipo wina anathamangira kwake n'kubweretsa ndodo zoyendera za malemu apongozi ake.

Bambo Zulu anafika amayiwo akubalalika, utuchi udakali m'tsitsi. Amuna anga ndi munthu wa mawu ochepa. Tsiku lonse mukhoza kuwawerenga ndi zala. Ndinawauza zonse, ndi zoti mayunifomu a anthu akudikira, sukulu zikutsegulidwa, ndipo telala wopanda phazi si telalanso. Anamvetsera ali chiimire. Kenaka analowa m'nyumba, natuluka ndi mpando, nauika pambali pa makina anga.

"Amake Dalitso, nionetseni mwamene mumapalasira."

"Mufuna kuchita chani?"

"Mwendo wanga ulipo. Imwe muzigwira nsalu."

Poyamba zinali zomvetsa chisoni. Anapalasa ngati akuthawa apolisi pa njinga, ulusi n'kuduka. Atachepetsa, gudumu linabwerera m'mbuyo, ulusi n'kupiringizana pansi. Kabudula woyamba anatuluka mwendo umodzi wopapatiza, woti mwana wake akadamuvala akadayenda chokhota. Koma pofika tsiku lachiwiri tinayamba kumvana. Ndikati "tiyeni" ankayamba, ndikati "imani" ankaima. Kenaka sindinkafunikanso kunena. Ankangoona dzanja langa likuyandikira pakona, n'kuchepetsa okha. Tinkakhala phewa ndi phewa, ine phazi nditalisanjika pa ndowa yovundikira. Chiyambire kubereka ana, sitinakhalepo moyandikana chotero dzuwa likuwala.

Nthawi yonseyi foni yanga inkalira, nambala ya kuchipatala, ine osayankha. Tsiku lachitatu ndinalimba mtima, ndinapita kuseri kwa nyumba n'kuyankha.

"Ba mayo, munathawa chani?" anafunsa Mutinta.

Ndinamuuza zimene ndinamva. Ndinamva kuti akudziletsa kuseka. Kenaka anandifotokozera modekha, ngati mwana wanga. Anati makina aja amakhala ngati akuitana thupi n'kumvetsera kuyankha kwake, ndipo kuyankhako ndiye siginolo. Mnofu umayankha motalika, makina n'kumva bwino. Koma mtsempha ndi fupa zimayankha kamodzi kokha, mawu ake n'kuzimirira makina asanatchere khutu, ndiye pachithunzi pamaoneka pakuda. Ngakhale mtsempha wa munthu wabwinobwino umatero. Makina aang'ono amamvanso motsika, choncho ntchito yawo yonse inali kuwaphunzitsa kumvetsera msanga.

"Chamene tinafuna kudula ni nthawi yoyembekeza, ba mayo. Osati mwendo wanu."

Ndinakhala pa njerwa. Ndinaseka, ndinalira, kenaka manyazi anandigwira kuyambira kumutu. Ndinanyamuka kuti ndikawauze bambo Zulu. Pokhota pakona ndinawaona atakhala pampando wawo uja, akudontheza mafuta pa gudumu la makina, akundidikira. Ndinakhala pansi, ndinasanjika phazi pa ndowa, n'kuti, "Tiyeni."

Inde, ndinabisa. Masiku anayi athunthu. Kuchipatala ndinabwererako mozemba, nditanama kuti ndikukagula ulusi m'tauni. Ulendo uno ndinagona osasuntha, ndipo Mutinta anandionetsa chithunzi: mtsempha uja unaoneka ndithu, wotuwa, ndi malo amodzi okhuthala. Adokotala anati watupa chifukwa chogwira ntchito mopitirira, koma sunaduke. Anandiphunzitsa mowongolera phazi m'mawa ndi madzulo, n'kundiuza kuti ndilipumitse.

Madzulo ake, titamaliza siketi yomaliza, ndinaulula zonse, maso ali pansi. Bambo Zulu anapitiriza kukulunga ulusi.

"Nidziwa," anatero.

"Mudziwa chani?"

"Uja mtsikana ananitumira foni tsiku lamene lija, nikalibe kufika panyumba. Munalemba nambala yanga pa pepala. Anati palibe wamene azadula mwendo wanu, mubwelere chabe."

"Nanga bwanji simunakambe? Mwanisiya nilira masiku yonse aya!"

"Munalira tsiku limodzi," anatero. "Miyezi itatu nakhala nikukuuzani kuti pumulani, simumvera. Ninaona mwendo uli pa ndowa, ninati lekani ukhale pamenepo."

Ndinafuna kukalipa, koma tonse awiri tinali akuba.

Lamulungu kutchalitchi ndinaimirira pamaso pa amayi anzanga n'kubweza ndodo zija, phazi lili gwa. Ena anakuwa kuti ndi chozizwitsa. Ndinayesa kufotokoza za siginolo, koma ng'oma inali itayamba kale.

Phunziro ndikulidziwa: ukamva theka la nkhani, funsa theka linalo usanaitane mpingo. Ndimawauza ana anga zimenezi ndi nkhope yowongoka. Koma phazi lija, ngakhale linachira, limayambanso kunyong'onya Loweruka lililonse masana, nthawi imene akalipentala amaweruka. Ndimangoti, "Ayi, lelo chidendene ichi," ndipo bambo Zulu amakatenga mpando, osafunsa kuti ndi chamanja kapena chamanzere.