Zothokoza za Telala pa Majezi a Nambala 47

Kwa Olemekezeka a Wapampando,
Kalabu ya Masewera a Hoke ya pa Ayezi ya Zimbalangondo,
Routavaara.

Bwana,

Ndagwira mwendo wanu. Ndine Aune Tervakoski, telala wa kuseri kwa sitolo ya buledi, amene mumandidutsa m'mawa uliwonse pa galimoto yanu yaitali ija. Sindikudandaula kuti simundipatsa moni, poti magalasi ake ndi akuda. Ndasokera anthu a m'tauni ino zaka makumi atatu, koma sindinalemberepo munthu wamkulu ngati inu. Mukapeza mawu okhota mundikhululukire, dzanja langa linazolowera singano. Ndadzera m'nyuzipepala chifukwa mlembi wanu akuti muli pa msonkhano kuyambira mwezi wa Novembala, ndipo ine ndine yani kuti ndisokoneze msonkhano wautali chonchi?

Ndabwera kudzathokoza basi. Zothokozazo ndaziika manambala kuti musatope.

Choyamba. Zikomo chifukwa cha mawu anu a tsiku lotsegulira ligi. Munaima pakati pa bwalo la ayezi mutavala nsapato za mu ofesi, mutakolowekera dzanja paphewa la Verneri Hukkanen, katswiri wathu wa nambala 47. Ena amati munkaopa kuterereka, ine ndimati chinali chikondi. Munakuwa pa chimkuzamawu kuti, "Mnyamata uyu ndi wathu mpaka imfa! Gulani jezi yake mosaopa!" Tinagula, bwana. Nkhalamba zinagula, makanda anaguliridwa, ngakhale abusa anagula yovala m'kati mwa mkanjo. Patangotha milungu isanu tinatsegula nyuzipepala n'kupeza mnyamata wathu akumwetulira m'jezi yakuda ya Mimbulu, timu ya kutsidya kwa mtsinje. Ndinathamangira pa tsamba la maliro. Sindinapezepo dzina lake, ngakhale lanu. Zikomo potiphunzitsa kuti imfa ilipo ya mitundumitundu.

Kulakwa n'kwathu ndithu. Dzina loti Hukkanen limayamba ndi liwu lomwe kwathu kuno timatchulira mmbulu. Zaka zisanu ndi chimodzi tinkayenda nalo osaliwerenga. Nanga kumsana kuli maso?

Chachiwiri. Zikomo chifukwa cha nsalu yolimba. Amuna anga a Onni, amene anapuma ntchito yokankha chipale chofewa m'misewu, anavala jezi yawo zaka zonsezo osalola kuti ndiichape, ati mwayi ungasuluke. Tsiku la nyuzipepala lija anaivula pang'onopang'ono ngati akusenda chilonda, n'kulunjika nayo ku sauna yathu, kachipinda kosambiramo nthunzi yotentha, kuseri kwa nyumba.

"Bambo a Helmi, mukupita nayo kuti?" ndinawafunsa.

"Ndikukaiotcha. Musandigwire, mayi."

"Palibe akukugwirani. Koma nsalu imeneyo siyaka, imasungunuka."

"Inu mumadziwa zosoka. Za mkwiyo wa mwamuna zisiyeni."

Ndinazisiya. Anaiponya pa miyala yotentha. Jeziyo inakwinyika, inalira kuti tswii, kenaka inasanduka phala lakuda n'kutsikira m'mbaula monse. Fungo lake linaitana ozimitsa moto popanda wowaimbira foni. Lero sauna yathu ndi yotseka, ndipo Loweruka lililonse timakasamba kwa aneba athu a Taisto Lampela, munthu yekhayo wochemerera Mimbulu mu msewu wathu wonse. Amatilandira ndi manja awiri, n'kutipatsa matawulo okhala ndi mutu wa mmbulu.

"Lowani, lowani, aneba! Pukutani bwinobwino, ameneyo saluma. Amangotenga osewera basi."

Amuna anga amakana kukhudza tawulo loterolo. Amaima panja kuti awume ndi mphepo, m'mwezi wa Januwale. Chifuwa chomwe ali nachocho sindikukupatsani mlandu, bwana. Ndi chawo.

Chachitatu. Zikomo pondipatsa ntchito pa ukalamba. Anthu atamva za sauna yathu anasiya zootcha n'kuyamba kubweretsa majezi kwa ine. Wina akuti dulani manja ikhale ya galu. Wina akuti ipangeni pilo, ndizimugonera kumaso. Mayi wina anaisandutsa chokolopera, koma anabwerera akulira, ati chigoli cha mnyamatayo cha chaka chatha chija chimamubwerera akafika nayo pakhomo la chimbudzi. Ambiri amangofuna kuti ndichotse dzinalo. Apa ndiye ndinaona nzeru zanu. Guluu amene munamatira zilembozo sakanganuka. Mukanamata naye mnyamatayo bwenzi tili naye mpaka pano.

Nditathyola singano zingapo ndinapeza njira. Ndimaphimba zilembo zitatu zoyamba ndi chigamba, chomaliza ndi chigamba china, n'kusokerera A pamwamba pa E. Chotsala ndi KANA, ndiye kuti nkhuku m'chiyankhulo chathu. Anthu anaikonda. Ati tikumutukwana wothawayo. Palibe anaganiza kuti wovala jezi ndi amene amayenda ndi dzinalo. Pofika Khrisimasi theka la tauni yathu, aphunzitsi ndi apolisi omwe, linkayenda monyada litadzilemba nkhuku kumsana, a kutsidya akutilirira ngati atambala tikakumana pa mlatho.

Chachinayi. Zikomo pochiritsa a Vihtori Saarela. Akuluwa ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi kudza chimodzi, ndipo analembetsa kale kuti adzaikidwe atavala jezi ya nambala 47. Madokotala anali atauza ana awo kuti ayambe kuitana achibale. Nkhani ya Verneri itawafika, anadzuka n'kukhala tsonga, n'kunditumizira uthenga kuti ndipite ndi tepi yoyezera.

"Mwana wanga Aune," anatero, "ine sindifa nkhaniyi isanakonzedwe. Ndikafike kumwamba ndi dzina la wothawa kumsana? Akazi anga akandifunsa ndikati chiyani?"

"Ndikusokereni ya nkhuku, agogo?"

"Iwe! Ndikalowe pamaso pa Mulungu ngati ndiwo?"

Mpaka lero akudya, akukalipira manesi, ndipo achibale amene anabwera ndi zovala zakuda abwerera kwawo. Mankhwala anu ndi amphamvu, bwana.

Chachisanu. Zikomo chifukwa cha masewera a Loweruka lapitali masana, pomwe Mimbulu inabwera pa bwalo lathu. Pa mpando wanu panali chikhoti chanu chokha, koma tinachiwombera m'manja. Tinali titapangana kuti Verneri akangoponda pa ayezi, tonse tivule majezi n'kumuponyera. A Onni anabwereka ya mwana wathu Helmi kuti asatsalire. Mnyamatayo anatulukadi, ndipo majezi anagwa ngati dzombe. Woimbira anaimitsa masewera, antchito anu anabwera ndi mafosholo n'kuwola zonse. Tinaimba, tinavina, tinakumbatirana.

Chomwe sitinachiganizire n'chakuti masewera anali atangoyamba kumene, ndipo m'bwalo lanu lija, lomwe munalonjeza kuikamo zotenthetsera zaka zinayi zapitazo, mumazizira kuposa panja. Anthu mazana anayi tinakhala maola awiri m'mavesiti, mano akuwombana. Verneri anamwetsa chigoli choyamba. Anamwetsa chachiwiri. Pa chachitatu anazungulira otchinga kumbuyo athu onse awiri ngati mitengo, ndipo a kutsidya, mwa mwambo wa zigoli zitatu, anaponya zipewa pa ayezi. Nditacheuka ndinaona chipewa chaubweya chomwe ndinaluka ndekha chikuuluka, amuna anga ataimirira, dazi lili pamtetete, misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo a Helmi! Mwaponyera mdani chipewa?"

"Dzanja langopita lokha, mayi. Koma mwaona m'mene wawapindira? Mwana ameneyu tinamulera ndife!"

Anthu a pa mzere wathu sanawalankhulebe. Kunyumbanso Helmi sakuwalankhula, akufuna jezi yake.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo apa ndavula chipewa, ngakhale kwathu zipewa zachepa. Lolemba ndinadutsa pa sitolo ya kalabu. Pa zenera panali majezi athu omwe aja, atachapidwa, atasitidwa, pamwamba pali chikwangwani choti "Zikumbutso za Tsiku la Mkwiyo." Ndinazindikira zigamba zanga chimodzichimodzi. Munagulitsa jezi, munagulitsa mwini dzina, kenaka mwagulitsanso jezi yomweyo kwa anthu omwewo. Amene amati ng'ombe sisendedwa kawiri sanakumane nanu. Anthu anali pa mzere, ndipo wachitatu pa mzerewo anali mwamuna wanga. Anandiona n'kuyang'ana kumwamba.

"Nanga ndizipita ku bwalo maliseche?" anatero tili m'njira. Anagula ya nkhuku, yaing'ono, yosafika pa mchombo.

Tsopano pempho langa, bwana, ndi laling'ono ngati diso la singano. Amayi a bungwe la ochemerera tinakumana dzulo m'shopu mwanga. Tatopa kusoka ndi kusomola. Tikufuna dzina limodzi loti tiike kumsana n'kugona tulo, dzina la munthu amene sadzatichoka. Tinaganiza za goloboyi, koma tamva kuti akuphunzira chiyankhulo cha dziko lina. Tinaganiza za bambo wosalaza ayezi, koma amagwira bwino ntchito, ndiye tsiku lina adzamufuna. Tinapenda aliyense, mpaka mayi wogulitsa masoseji. Pomaliza Mayi Sirkka, mlembi wathu, anafunsa kuti, "Kodi m'kalabu muno ndani amene timu ina singamutenge, ngakhale titamupereka ulere n'kuwonjezerapo njinga?"

Tinayang'anana. Kenaka tonse tinaimirira.

Choncho modzichepetsa tikupempha chilolezo chanu kuti tisoke dzina lanu pa majezi onse a Zimbalangondo. Ulusi ndigula ndekha. Ndidzasoka mizere iwiri, yosasomoka, chifukwa tafunsa kutsidya, tafunsa kumpoto ndi kumwera, ndipo onse atitsimikizira mwaulemu kuti inu ndinu athu ndithu.

Ine wanu wogwada pa makina osokera,

Aune Tervakoski,
Telala, mpando 12, mzere wa pafupi ndi chitseko chosatsekeka.