Mavitamini a Telala wa ku Matero

Lolemba

Lero ndayamba kunenepa. Loweruka kukubwera azakhali ake a Esinati, mtsikana amene ndikufuna kukwatira, kudzaona ngati ndingathe kusunga mwana wawo. Tsiku lina anandionera patali pamsika, akuti anafunsa Esinati: "Uja ni munthu, kapena ni hang'ala ya jekete?"

Ndiye ndili ndi botolo la mapiritsi a mavitamini. Wandipatsa Bonifasi, dalaivala wa malole opita kunja, ine ndamusokera safari suti. Akuti kumeneko anthu sadya n'komwe, amangomeza timeneti, koma matupi ngati ng'ombe. Papepala alemba kuti piritsi limodzi pa tsiku. Amenewo ndi malangizo a anthu osathamangira ukwati. Ine m'mawa, masana, madzulo.

Ndadziyeza ndi tepi yanga: chifuwa, chiuno, khosi. Manambala sindilemba, ndi amanyazi. Suti ya Loweruka ndaidula yaikulu, ya thupi likubweralo. Telala wanzeru amasokera mawa!

Lachiwiri

Piritsi pamimba yopanda kanthu, tiyi wakuda pamwamba pake. Nseru! Makina osokera akuoneka awiri, ndipo onse akuyenda. Thumba la buluku la kasitomala ndalisokera pabondo. Palibe vuto, ndiye kuti mankhwala afika pantchito.

Madzulo kuchimbudzi, zodabwitsa. Mkodzo wachikasu chowala, ngati utoto wolembera zikwangwani. Ndaima kuuyang'ana ndi ulemu. Ngati zotuluka zili ndi mphamvu chonchi, nanga zotsala mkatimu?

Lachitatu

Tepi sinasinthe. Ndakoka mpweya, yasintha. Ndapuma, yabwerera.

Ba Sisita Tembo, nesi wa pakiliniki, abwera kudzatenga yunifolomu imene ndimawakonzera. Aona botolo, ndawauza monyada za mtundu uja. Aseka mpaka kugwira chipupa.

"Ba telala, iyo kala ni vitamini yamene thupi yakana. Thupi imatenga chabe vamene ifuna, vosala imataya. Manje imwe mudyesa chimbuzi."

Malamulo awo:
- limodzi basi;
- osamwera tiyi, amatsekereza ayironi, uja wothandiza magazi;
- kumwa utadya, poti mavitamini ena salowa bwino m'thupi popanda chakudya cha mafuta;
- ndiponso mapiritsiwa sanenepetsa munthu.

Lomalizalo sindinalimve bwino, kumadutsa basi.

Lachinayi

Mafuta! Saladi, mafuta ophikira aja, anasowa m'mashopu kalekale, ndiwo timangowiritsa. Koma mphekesera ikuti wafika m'tauni. Makina ndatseka, ndili pamzere tambala asanatope kulira. Dzuwa. Fumbi. Mzere ukuyenda ngati maliro. Amayi ena kumbuyo kwanga: "Ba tate, muli pa laini, kapena ni mutengo bashanga apa?"

Ndafika pakhomo la shopu dzuwa litapendeka. Saladi watha. Zotsala:
- machesi;
- makandulo;
- polishi wa nsapato.

Polishi ali ndi mafuta. Ndaganizira. Ndasiya.

Mabasi odzaza, ndabwerera wapansi mpaka Matero, osadya kanthu. Ndadziyeza. Tepi yatsika! Tsiku lonse kusaka mafuta, ndataya ndi ochepa amene ndinali nawo.

Lachisanu

Tsoka silinunkha. Bana Mulenga, eni nyumba imene ndimachita lendi, chimbudzi timagwiritsa chimodzi. Aona madontho pasimenti. Basi, akuti ndili ndi matenda a chikasu. Kapu yanga aichotsa pathandala, aiika yokha pamwala. Ana awo akundizungulira patali ngati ndine galu wa chiwewe.

Masana kwafika ba cheyamani a chipani pasekishoni yathu. Andikoka chikope kuti aone maso. "Ba komuredi, kubisa matenda ni kubweza chitukuko kumbuyo." Ndawaonetsa botolo, ndafotokoza. Agwedeza mutu, atsitsa mawu, apempha awiri. Akuti a mphamvu za kunyumba.

Ndakumbukira tsopano kuti bana Mulenga amagulitsa tomato benchi imodzi ndi azakhali a Esinati. Sindikufunanso kulemba.

Loweruka

Suti! Mapewa ake akuthera pafupi ndi zigongono. Ndaikamo nyuzipepala, koma ikulira ndikangosuntha mkono. Lamba ndaboola bowo latsopano, buluku silinakwanebe.

Azakhali afika ndi Esinati. Abwera ndi kapu yawoyawo. Dzanja langa salilandira, angoomba m'manja ali patali, akhala pafupi ndi khomo. Ndagwada bwinobwino, ndayamba kudziteteza: si matenda, ndi mavitamini, thupi limatenga zimene likufuna n'kutaya zotsala, tiyi amatsekereza ayironi, saladi kulibe. Ndalankhula ngati dokotala. Ndikuona nkhope yawo ikufewa. Afunsanso kuti makina ndi angaanga kodi. Anga! Zikuyenda!

Ndiye ndaimirira kuti ndiwatengere madzi. Buluku lakana kuimirira nane.

Ndaligwira lili kale m'maondo. Panja nkhuku ikulira.

Azakhali ayang'ana kudenga, alankhula ndi malata: "Wakangiwa kusunga buluku, azasunga mukazi?"

Nkhani ya ukwati aikankhira mpaka mvula ithe, akuti aone kaye ngati ndikhalapo. Esinati potuluka wabisa pakamwa m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Wandinong'oneza: "Ine ninakukondani na mafupa yanu yamene aya. Nanga anakutumani ndani?"

Palibe anandituma. Ndicho chikupweteka.

Lamulungu

Botolo lili pawindo. Limodzi pa tsiku, nditadya, opanda tiyi. Thupi litenge zimene likufuna, ndatopa kulikakamiza. Ndi langa, koma likuoneka kuti lili ndi maganizo akeake.

Kutchalitchi mkulu wa mpingo awerenga mayina a odwala oti tiwapempherere. Langa lilipo, pakati pa agogo a sitiroko ndi mwana wa chikuku. Mpingo wonse watembenuka. Ndafuna kuimirira kuti ndikane, koma masiku ano kuimirira pagulu ndikukuopa. Ndangowerama, ndati ameni.

Masana afika amayi a mpingo, mipango yoyera, mabeseni pamutu:
- mazira;
- nsinjiro;
- tinsomba ta kapenta;
- chibwabwa, masamba a maungu;
- papaya lalikulu kuposa mutu wanga.

Andiimbira nyimbo, andigoneka pamphasa, andifunditsa bulangete masanasana. Mtsogoleri wawo wandigwira pachipumi: "Mumvelako bwanji manje, mwana wanga?"

Ndayang'ana amayiwo. Ndayang'ana mazira. Ndatsokomola pang'ono.

"Pang'onopang'ono, amayi."

Ndichira mazira akatha.