Kandiwo ka Atsibweni

Nkhani zina munthu amaulula tsitsi litayera, mboni zitachepa. Yanga ndi ya mbale ya nkhuku, ndipo mpaka lero ndikaikumbuka ndimayang'ana pansi.

Zaka za m'ma 1950 ndinali mphunzitsi wongoyamba kumene pasukulu ya mpingo cha ku Kabudula, ndipo ndinkafunsira mtsikana dzina lake Esinati. Mawu onse anali ndi atsibweni ake, a Yosofati, mkulu wa mpingo wosasekaseka, amene anali asananene eya kapena ayi. Tsono abusa atatiitana ife aphunzitsi pamodzi ndi akulu a mpingo kumsonkhano kumishoni, ndinati apa ndiye poonetsera khalidwe.

Ndinapalasa njinga m'mimba muli pululu. Pa Nsaru amayi ogulitsa zitumbuwa anandiitana, ine n'kukana (ndinkaopa kudonthezera mafuta pa shati, poti loyera linali lomwelo).

Masana dona wa pamishonipo anandandalika mbale zovundikira patebulo lalitali pakhonde, nati: "Lero palibe woperekera. Aliyense adzitengere yekha."

Mundimvetse, abale. Kwathu mwamuna sapakula. Mbale imabwera yovundikira, iwe n'kudya ndi amene wakhala naye. Ndiye nditaona mbale zija, nzeru zanga zonse za uphunzitsi zinandiuza kuti aliyense anyamule imodzi. Mulu wa mbale zopanda kanthu pambalipo ndinayesa ndi zotayamo mafupa.

Ndinadzuka msanga kuti wina asanditsogolere kutumikira atsibweni. Kuvundukula yoyamba, kabichi. Yachiwiri, nyemba. Yachitatu, nkhuku yodzaza tho! Ndinainyamula ndi manja awiri, n'kukagwada pamaso pa a Yosofati, amene anali akadali pabenchi.

"Bambo, kandiwo ndi aka."

Anayang'ana mbale, anayang'ana ine. "Aphunzitsi," ananong'ona, "kodi mwatenga yonse?"

"Musade nkhawa, bambo. Mpunga ndikukatenga."

Ndipo ndinakautengadi (ukakhala pachikondi makutu amagontha). Chimbale chake chinali ngati beseni, koma ndinalimba nacho. Potembenuka m'pamene ndinaona mzere wa anthu, abusa patsogolo, aliyense atagwira mbale yopanda kanthu ija, maso onse ali pa ine. Kenaka wophika, mdala wa epuloni yoyera, anafunsa mwaulemu wonse:

"Pepani achimwene, nanga enawa adye tebulo, eti?"

Chiseko chake! Abusa mpaka anapukuta misozi. Ndinabweza mpunga, ndinabweranso kudzatenga nkhuku pamapazi pa atsibweni, ulendo wautali kuposa wa panjinga. Manyazi anandigwira moti ndinangotapa kabichi pang'ono, nayenso sanatsike. Mumtima ndinali nditatsanzikana naye kale Esinati.

Pobwerera tinkakankha njinga pachitunda, a Yosofati patsogolo. Tili pamwamba anaima.

"Aphunzitsi, ankhoswe anu abwere Loweruka."

Ndinayesa sindinamve bwino.

"Munthu wolanda nkhuku ya mpingo wonse chifukwa cha akuchikazi, mwana wathu sadzagona naye ndi njala." Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti mkuluyo akuseka. "Koma chimodzi. Paukwati mudzakhale pansi. Kumene kuli chakudya musadzayandikireko."

Ndinamvera. Paukwati wanga womwe ndinakhala phee pampando, manja pamaondo, ndipo m'piringupiringu wa alendo palibe anakumbuka kuti mkwati sanadye.