Dengu la Apongozi Pamtengo

Inu, tamverani za amuna anga a Agostino, katswiri wa mpira wa m'dengu kuno kwa Mlolo.

Chaka chatha Abambo a ku mishoni anabwera pa njinga yamoto ndi chimpira chonga dzungu. Anati umenewu samenya ndi phazi. Umaudunda pansi ndi dzanja, kenako n'kuuponya m'dengu lopachika pamtengo. A Agostino, poti anagonako masiku awiri ku tauni ya Fort Jameson, anati masewerawa amawadziwa kale, dengu abweretsa okha.

Dengu lake liti? La amayi anga, lokololera mtedza. Mkamwini, tangoganizani, munthu woti akaona apongozi m'njira amakhotera kutchire!

Abambo analilandira, anatulutsa mpeni, n'kulidula pansi akumwetulira. Ine, mwana kumsana, ndinangogwira pakamwa. Amayi anali atanena kale kuti mkamwiniyu akadzalakwanso kamodzi, adzamupindira mkeka azipita kwawo.

Malamulo ndinawagwira ndili chiimire, ine wolekera Sitandade 1: ukathamanga utaufungatira mpira, wezulo, ukaumenya ndi phazi, wezulo. Mawezulo onse tsiku limenelo anali a katswiri wathu. Paja akuluakulu anati wodziwa kale saphunzitsika.

M'mawa mwake ndinalitsitsa dengu lija, ndinaliluka pansi ndi nsungwi, n'kulibisa kuseri kwa nkhokwe. A Agostino analipeza, n'kukalipachikanso osasuzumira m'kati. Masana anaponya atatsinzina, mpira n'kulowa! Koma kutuluka ayi. Anakwera mumtengo kukautenga, ndipo ali pamwamba pomwepo, amayi anatulukira akufuna dengu lawo. Anayang'ana m'mwamba, anayala chitenje, n'kukhala patsinde.

Mkamwini atsika bwanji apongozi ali pansi? Anangokakamira nthambi, linthumbu likuwaluma, Abambo akuimba wezulo osadziwa chavuta n'chiyani.

Amayi anandifunsa kuti amuna khumi athunthu akulimbirana chiyani nthawi yokolola. Ndinawafotokozera zonse, ngakhale za mpeni.

“Ndiye wopambana ndi amene wathira zambiri m'dengu lobooka?”

“Eya, amayi.”

Amayi anaimirira, n'kukutumula chitenje chawo.

“Uwauze amuna ako atsike. Sindiwathamangitsa. Kwawo angati ndawapengetsa ndine.”

Dengu linabwerera ku mtedza. A Agostino mpaka lero amasimba za chigoli chawo, kuti mudzi wonse unachiona. Inde unachiona, pajatu chinakhala m'mwamba mpaka dzuwa kupendeka.